Disiki B Ili M'sutikesi ya Ada

Area 25, Lilongwe
3 Juni 2024

Okondedwa achemwali a Doreen,

Timuwoneni nonse kumeneko. Ine ndi mkazi wanga Chrissie tili bwino, kungoti kuno kwayamba kuzizira ndipo chifuwa changa chija chabweranso. Ama ali bwanji? Mwendo uja waphwa? Mundiuze zoona, osangoti ali bwino monga mumachitira pa foni. Alamu a Overtoun ndi mwana wathu Atupele muwapatse moni.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa netiweki ya ku Usisya nthawi zambiri imafuna munthu ayambe wakwera pathanthwe la kuseri kwa sukulu, ndipo ngakhale akwere mawu amadukaduka. Komanso zomwe ndikufuna kunena zili ndi zilembo zosayenera kulakwika ngakhale chimodzi. Kalatayi ipita pa basi mpaka ku Nkhata Bay, kumeneko a Lameck aitenga pa boti lawo.

Tinagwirizana kuti chiliza cha ada, bambo athu, tivundukula Loweruka pa 24 Ogasiti. Akuluakulu a gulu la malipenga andipempha kuti tsikulo, ovina asanalowe m'bwalo, anthu amve nyimbo za ada m'mawu a eni ake, poti anatsogolera gululo zaka zambiri. Mukukumbukira kuti mu 2021 ndi 2022 ndinawajambula akuimba, akufotokoza nyimbo iliyonse, ndiponso akutchula maina a makolo athu. Mafayilo onse ndi 41. Ali mu foda yolembedwa ADA pa kompyuta imene ndinasiya kunyumba kwanu.

Kwina kulikonse kulibe. Amene ndinali nawo kuno anapita ndi laputopu yanga imene inabedwa pa depoti mu Epulo, pamodzi ndi kadisiki kosungirako, kamene ndinapusa n'kuika m'chikwama chomwecho. Chibedwere chikwamacho mtima sunakhale pansi.

M'kompyuta yanuyo muli kadisiki kakang'ono koyatsira, ndi madisiki awiri akuluakulu amene ndinawamata mapepala, A ndi B. Ndi aja ndinawatcha mapasa. Chilichonse cholembedwa pa A chimalembedwanso pa B nthawi yomweyo, ngati nkhope pa kalilole, kuti imodzi ikafa inzake itsale.

Ndikupempha alamu achite izi:

1. Ayatse kompyuta masana, dzuwa litadzaza batire la sola.
2. Atsegule windo lakuda lija n'kulemba mzere uwu: cat /proc/mdstat
3. Akopere pa pepala zonse zotuluka. Pafunika kuoneka ma U awiri ogundana. U mmodzi ndi A, winayo ndi B.
4. Akopere foda ya ADA pa flashi imene ili mu envelopu muno, aitumize ndi a Lameck.

Chonde yankho lisachedwe.

Mlongo wanu,
Fletcher

*

Usisya
14 Juni 2024

Alamu a Fletcher,

Landirani moni. Kuno tonse tadzuka. Apongozi mwendo ukuphwa pang'onopang'ono, dzulo anafika mpaka kumunda wa chinangwa, tinachita kuwabweza. Kusukulu mayeso a Sitandade 8 atha, tapumako. Mukaimba foni yanga simundipeza, inagwera m'madzi potsika boti ndipo ili kwa okonza ku Nkhata Bay.

Mzere uja ndalemba monga munanenera. U watuluka mmodzi yekha, kutsogolo kwake kuli kamzere kapansi. Ndinazimitsa n'kuyatsanso katatu, zomwezo. Ndiye ndinamasula bokosi kuti ndione. Disiki A ilimo, pepala lanu likadalipo. Pamalo pa B pali zingwe ziwiri zikungolendewera, ndipo pali fumbi loonetsa kuti si zadzulo.

Ine zandidabwitsa, chifukwa kompyutayi ndimaigwiritsa ntchito pafupifupi tsiku lililonse pokonza maphunziro a ana, ndipo sinandivutepo. Ndinawafunsa amake Atupele ngati akudziwapo kanthu. Iwo anangoti, "Ndimulembera ndekha," n'kupitiriza kuyanika usipa. Achemwali anu mukuwadziwa, sindinafunsenso.

Za flashi ndikuuzani m'kalata ina, panopa ndatanganidwa pang'ono.

Ndine mlamu wanu,
Overtoun

*

Area 25, Lilongwe
21 Juni 2024

Achemwali,

Moni. Ndikhulupirira ama ali bwino.

Kalata ya alamu ndinailandira Lachitatu. Chilandirire ndakuimbirani ka 11. Kasanu ndi kawiri foni sinalowe, kanayi inalira mpaka kuduka. Kalata imene munati mulemba nokha sindinaione.

Disiki siyenda yokha. Ili ndi zomangira zinayi ndi zingwe ziwiri, ndipo zomangirazo ndinamanga ine. Munthu anatenga sikuludiraiva, anagwada pansi, anamasula chimodzichimodzi. Munthuyo ndani? Disikiyo ili kuti? Mwaipereka kwa aja oonetsa mafilimu pamsika? Mwaigulitsa? Ngati munali ndi vuto bwanji osandiuza ine?

Ndinakhala masiku awiri athunthu ndikukonza mapasa amenewo, maliro a ada atangotha, ena onse akupuma. Ndinakufotokozerani muli pomwepo, inu ndi alamu, kuti musakhudze chilichonse m'kati mwa bokosi. Ndinalemba pa pepala n'kumata pakhoma. Kuntchito kwanga anthu amene sindinabadwe nawo amamvera pepala lotere, koma kwathu ayi.

Ndinene mosabisa. Munthu amene wachotsa chinthu m'bokosi la mwini wake osapempha, n'kukhala chete, dzina lake ndi limodzi basi. Ndi wakuba. Ndipo uyu sanabe chitsulo chabe, waba theka la chitetezo cha mawu a ada.

Flashi nayonso sinafike. Kukopera foda imodzi kumatenga mphindi makumi anayi, ndinayesa ndekha. Kodi kumeneko kukuchitika chiyani?

Fletcher

*

Usisya
28 Juni 2024

Iwe Fletcher,

Ama ali bwino, poti wafunsa ndi mzere umodzi. Kalata yako ndawawerengera yonse, mpaka mawu aja akuti wakuba. Anandiuza kuti ndibwereze pamenepo, ndinabwereza.

Wakubayo ndine, mlongo wako wamkulu, amene ndinakubereka kumsana popita nawe kusikelo.

Mu Januwale chaka chatha mphezi inagwa kwa a Mizeck, nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Inalowera pa sola n'kupsereza zonse zimene zinali pachingwe, wailesi, TV, mafoni awiri, batire lomwe. Ine ndinapita kukaona. Pobwerera ndinayang'ana bokosi lako lija n'kudzifunsa kuti mapasa ogona m'bokosi limodzi, oyamwa chingwe chimodzi, mphezi ikabwera isankha mmodzi n'kusiya mnzake? Sindinapite ku koleji ngati iwe, koma mbewu ya chimanga sindisunga yonse m'nkhokwe imodzi. Ndinadikira alamu ako apite kusukulu, ndinamasula monga ndinakuonera ukumanga, ndinatenga B. Ndinaikulunga m'masokosi oyera a ada ovinira malipenga, n'kuiika m'sutikesi yawo pamodzi ndi yunifolomu, n'kukhoma. Ili momwemo mpaka lero. Sinapite kumsika.

Ndipo iwe amene unaika laputopu ndi kadisiki kako m'chikwama chimodzi, lero ukundiphunzitsa ine kusunga zinthu?

Sindinakuuze chifukwa ndinadziwa kuti unditumizira pepala la manambala. Moyo wako wonse umatilankhula ndi wanu, thu, fili. Ada anadwala miyezi isanu ndi iwiri. Iwe unatumiza pepala la nthawi yomwera mankhwala, lokhala ndi timabokosi tochongamo. Wowatembenuza pamphasa ndinali ine. Wochapa ndinali ine. Utabwera unabwera ndi maikolofoni, beseni sunaligwire ngakhale tsiku limodzi. Unali kutiletsa kutsokomola kuti tisawononge mawu. Lero mawuwo asanduka ako, ine ndasanduka wakuba m'nyumba mwanga.

Foni yako ndimaiona ikulira. Ipitiriza kulira.

Doreen

*

Area 25, Lilongwe
5 Julayi 2024

Achemwali, ndi inu alamu,

Moni kwa nonse. Kalata ya pa 28 yafika.

Mwina mawu aja analemera. Koma inunso onani chimene mwachita. Kuyambira Januwale chaka chatha mpaka lero ndi miyezi 17 yathunthu. Nthawi yonseyo mawu a ada akhala akuyenda pa disiki imodzi yakale, m'nyumba ya fumbi, pa magetsi a sola amene amazima mtambo ukangodutsa, ine kuno ndikuganiza kuti kuli mapasa. Kalilole munamuswa inu, osati mphezi. Disiki siifunika chinyontho, ndipo sutikesi ya ada imakhala pansi pa bedi, pafupi ndi khoma lija limanyowa nthawi ya mvula. Za beseni tidzakamba tikadzaonana. Panopa tatsala ndi milungu isanu ndi iwiri.

Alamu, chitani izi tsiku lomwe mwalandira kalatayi, kapena Loweruka loyamba:

1. Tengani B kwa achemwali. Zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi.
2. Bwezerani B pamalo pake, mulumikize zingwe zonse ziwiri.
3. Yatsani, mulembe mzere uwu: sudo mdadm /dev/md0 --add /dev/sdc1
4. Musazimitse mpaka ma U akhale awiri. Zitenga maola asanu kapena asanu ndi limodzi, choncho yambani m'mawa.

Mumvetse chimene mzerewu umachita. B yatsalira m'mbuyo miyezi 17, ndiye kompyuta iitenga ngati disiki yopanda kanthu. Ifufuta zonse zili pa B n'kulembapo zimene zili pa A, kuyambira koyamba mpaka kotsiriza. Zimenezo n'zabwino, chifukwa A ndi imene ili ndi zonse.

5. Kenako flashi. Kano n'kachitatu ndikupempha flashi.

Sindikufuna mtsutso wina pa nkhaniyi. Ntchito yanga ndi imeneyi, ndakhala ndikuigwira zaka khumi ndi zinayi.

Fletcher

*

Usisya
Lachinayi, 11 Julayi 2024

Alamu a Fletcher,

Landirani moni. Tonse tili bwino, kupatula kuti m'nyumba muno mawu akuchepa masiku ano.

Kalata yanu yafika lero, ndipo ndaona kuti ndisabisenso chimene chachedwetsa flashi. Foda ya ADA pa disiki A palibe. Ndinaifufuta ine.

Zinali mu Malichi chaka chatha. Anzathu ena anatipatsa mavidiyo a maphunziro a sayansi ndi masamu a Sitandade 7 ndi 8, ndipo kompyuta inati malo atha. Nditayang'ana ndinaona kuti foda yaikulu kuposa zonse ndi ya ADA. Ndinakumbukira mawu anu tsiku lija munatifotokozera, akuti chilichonse muno chili pawiri. Ndiye ndinati ngati chili pawiri, ndichotse chimodzi, chinacho chitsale pa B. Ndinafufuta n'kuikapo mavidiyowo, ndipo ana athandizika nawo kwambiri.

Mwezi wathawu nditatsegula bokosi n'kupeza B mulibe, ndinazindikira kulakwa kwanga. Ndinasowa poyambira kukuuzani, ndiponso amake Atupele sindinawauze mpaka lero. Koma nditamva kuti B ili bwinobwino m'sutikesi, mtima unakhala pansi. Mwa mwayi anaichotsa mu Januwale, ine ndisanafufute, ndiye mawu a malemu apongozi alimo onse.

Choncho musade nkhawa. Loweruka lino pa 13 ndibwezera B ndi kulemba mzere wanu uja. Ndime ya kufufuta ija ndaiwerenga, ndipo ndikumva kuti mukunena za zinthu zimene zili mbali zonse ziwiri. Poti mapasawa amagawana, B ikabwerera ipatsa A chimene A ilibe. Zikatero ndikopera flashi n'kutumiza ndi boti la Lolemba.

Pepani chifukwa cha kuchedwa.

Mlamu wanu,
Overtoun

*

Area 25, Lilongwe
Lachitatu, 17 Julayi 2024

Alamu a Overtoun,

Musabwezere B. Musalembe mzere uja. Ngati mwalemba kale, zimitsani kompyuta pomwe mukuwerenga pano, zulani B, musaiyatsenso.

Kalata yanu yandipeza lero masana. Loweruka lija ladutsa masiku anayi apitawo. Ndaimba foni ya achemwali ka 23, ikungolira. Ndaimbira a Lameck, ali ku Nkhata Bay, akuti mphepo ya mwera yakula, boti silinyamuka mpaka Lachisanu. Kalatayi ndalemba makope atatu, imodzi ya boti, imodzi ya galimoto yodzera ku Mzuzu, imodzi ndajambula pa foni n'kutumiza kwa ahedi anu, ngati angakwere pathanthwe.

Mapasawa sagawana. Ndinalemba m'Chichewa chomveka kuti ifufuta zonse zili pa B. Zonse ndi zonse. Inu ndinu mphunzitsi, mumachotsera ana mamalikisi akawerenga funso mothamanga, ndiye mwawerenga chiyani? Kalilole sakumbukira nkhope ya dzulo. Mukafufuta pa A, pa B pamafufutikanso nthawi yomweyo. B ikanakhala m'bokosi tsiku munafufutalo, ada akanatha mbali zonse ziwiri kale mu Malichi. Ndipo pa A simungapezekenso kanthu, chifukwa mavidiyo anu analemba pamwamba pake chaka ndi miyezi.

Munakhala chete mwezi wathunthu, ine ndikupempha flashi katatu. Mukanalemba mzere umodzi wokha pa 14 Juni, sindikanakutumizirani lamulo limenelo. Tsopano lamulo lopha mawu a ada ndalemba ndine, ndi dzanja langa, n'kuikapo manambala, n'kunena kuti sindikufuna mtsutso.

Kuntchito lero ndalephera kuchita kanthu. Ndangokhala ndikuwerengera kuti ngati munayamba 8 koloko, pofika 2 koloko zinali zitatha.

Ndiyankheni chinthu chimodzi chokha. Munalemba mzerewo kapena ayi?

Fletcher

*

Usisya
23 Julayi 2024

Fletcher,

Makalata ako onse atatu afika. Ahedi anabwera nayo yawo akupuma wefuwefu, anthu anaganiza kuti kwagwa maliro. Ama ali bwino. Alamu ako sakulembera, ndiye ndikuyankha ine.

Mzere wako sanalembe.

Loweruka lija anadzuka m'mamawa, anapukuta tebulo, anayala pepala lako la manambala, n'kubwera kwa ine kuti ndiwapatse kiyi wa sutikesi. Ndinakana. Anati Fletcher walamula. Ndinati Fletcher akalamule kuntchito kwake. Anandichonderera mpaka masana, anapita kwa ama kuti andinenere, ama anati nkhani ya ana awo salowerera. Madzulo anayesa loko ndi kawaya, ndinawapeza, ndipo zimene ndinawauza sindilemba pano.

Usaganize kuti ndinadziwa za kufufuta kwakoko. Sindinadziwe. Za foda ija andiuza Lachisanu lapitali, atawerenga kalata yako, ndipo iwonso ali ndi mlandu wawo ndi ine umene sukukhudza iwe. Ndinakana chifukwa unanditcha wakuba, ndipo kupepesa kwako konse kunali kwakuti mwina mawu analemera. Mwina. Ndinalumbira kuti sutikesi ya ada siitsegulidwa ndi kalata.

Ndiye werengera bwino, poti umakonda kuwerengera. Ndikanamvera pepala lako la pakhoma, mawu a ada akanatha mu Malichi chaka chatha. Ndikanamvera kalata yako ya pa 5, akanatha Loweruka lija. Kawiri konse wawasunga ndi wakuba.

Ngati B ikadali yamoyo sindikudziwa. Wati khoma limanyowa, n'zoona limanyowa. Sinditsegula kuti ndione, ndipo alamu ako sayandikiranso. Ukaifuna ubwere wekha, ukhale pansi pamaso pa ama, ubweze mawu ako ndi pakamwa pomwe anatulukira. Kiyi ali pamfundo ya chitenje changa.

Usayankhe kalatayi. Boti limanyamuka Lolemba ndi Lachisanu.

Doreen

*

Usisya
12 Ogasiti 2024

Wokondedwa Chrissie,

Moni mkazi wanga. Ndinafika Lachisanu madzulo, nyanja inali yoipa ndipo ndinasanza kawiri, koma chikwama cha zida sichinanyowe, ndinachikulunga m'mapepala apulasitiki atatu. Chifuwa chili bwino. Iwe uli bwanji? Geti uzikhoma ndi maloko onse awiri.

Achemwali sanandilonjere. Anandiikira madzi osamba n'kuchoka. Loweruka m'mawa ama anatiitana pakhonde. Ndinali nditakonza mawu pa kapepala, koma achemwali atakaona anati ndikangokatulutsa m'thumba iwo anyamuka. Ndiye ndinakhala pansi, pa simenti, n'kunena ndi pakamwa kuti ndinalakwa kuwatcha wakuba, ndiponso kuti pa matenda a ada ndinawasiyira okha. Chachiwirichi pa kapepala panalibe. Achemwali anati amva, koma kumva si kukhululuka. Anamasula mfundo ya chitenje, anatsegula sutikesi okha, sanalole kuti ndigwire yunifolomu. B inali m'masokosi awiri, limodzi m'kati mwa linzake, youma bwinobwino. Anaikamonso kathumba ka mpunga kuti kazikoka chinyontho. Zimenezi sindinawaphunzitse ine.

Disiki A ndinaizula n'kukaiika kuchipinda china, kuti ngakhale nditalakwitsa chilembo zisakumane. Alamu anaima pakhomo, achemwali atawaletsa kulowa. Ndinalumikiza B yokha, ndipo ndinaitsegula mwa njira yongowerenga, yoti kompyuta isalembepo ngakhale kadontho. Mzerewo ndinauwerenga kasanu ndisanadine. Disiki inalira kawiri ngati ikukana, kenako inazungulira. Foda ya ADA inalipo. Ndinawerenga mafayilo ndi chala pa sikirini, 41.

Ndinakopera pa flashi, pa laputopu yatsopano, ndi pa flashi ina imene udzapite nayo kunyumba kwa amayi ako ku Dowa ikakhale kumeneko. Kenako ndinazula B, ndinabwezera A, n'kukoperamonso fodayo, alamu atachotsa okha theka la mavidiyo awo. Nditati tsopano B ibwerere m'bokosi kuti mapasa akumane, achemwali anangotambasula dzanja. Sindinatsutse. Ndinawapatsa, anaibwezera m'sutikesi n'kukhoma. Dzulo ndinaika disiki yatsopano ija unkandiseka kuti ndagulanso ya chiyani, ndinaimata pepala la C, n'kulemba mzere uja wolumikiza mapasa. Ndinayamba 8 koloko. Cha m'ma 11 mtambo unaphimba dzuwa, ndinazimitsa firiji ya ama ndi kuzula mafoni a anthu onse, anandinena. Pofika 2 koloko ma U anali awiri.

Ama anapempha kuti amveko fayilo imodzi. Ndinatsegula yoyamba, imene sindinaimverenso chijambulire. Isanayambe nyimbo pamamveka mawu anga ndikuyesa maikolofoni, wanu, thu, fili, ndiponso ndikuuza munthu wina kuti asatsokomole. Kenako ada akulankhula m'Chitonga, ndikumasulire: "Fletcher, maso ako ali pa kabokosi. Woimba ndine, ndili kuno." Kumbuyo kukumveka achemwali akuseka, ndi phokoso la madzi m'beseni.

Ama anaphimba nkhope ndi chitenje. Alamu anachoka pakhomo. Achemwali anandifunsa ngati pa 24 ndidula pamenepo. Ndinati ndingathe kudula, n'zosavuta. Anati, "Usadule. Anthu amve zonse."

Sindidula.

Ubwere pa 21 ndi masipika aja awiri ndi chingwe chachitali, chili m'kabati ya pansi, kumanzere. Mpaka pano achemwali amandilankhula za chakudya zokha. M'mawa uliwonse ndimayatsa kompyuta kuti ndione ngati ma U akadali awiri. Iwo akandipeza amangogwira pamfundo ya chitenje, kiyi n'kulira, n'kudutsa.

Mwamuna wako,
Fletcher